Mkamwini Amene Anathamangitsa Mzukwa

Mwambi wa phula uja, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Ikani kaye mafoni anuwo m'thumba, chifukwa nkhaniyi ikukhudza foni. Ndikuona wina akufuna kunena kuti mwambiwu ndi wakale kuposa intaneti. Ameneyo adikire tsiku lake lokamba, lero pakamwa ndi panga.

Pa Dedza boma panali mnyamata wina dzina lake Fanuwelo Kaphamtengo. Masana ankagwira ntchito m'kasitolo kojambula mapepala pafupi ndi depoti, ndipo kumeneko analibe mlandu ndi munthu. Koma akaweruka, mutu wake unkapita kwina. Anali ndi tsamba lake pa intaneti, lija amati bulogu, lotchedwa "Mizukwa Ilipo." Pamenepo ankalembapo za nyumba zogogoda zokha, milatho yoimapo anthu opanda miyendo, ndi zitsime zoyankhula. Sankapindulapo kanthu. Ankangoikonda ntchitoyo monga momwe ena amakondera bawo kapena kuweta nkhunda.

Zida zake zinali zochititsa chidwi. Anali ndi kawailesi kakufa kamene kankangolira kuti shiii, ndipo iye ankati mizimu imayankhulira m'phokoso limenelo. Analinso ndi tochi yofuna kuimenya kaye kuti iyake, ndi foni yong'aluka galasi.

Vuto linali limodzi: mzukwa weniweni anali asanauonepo. Ndipo iye ankati chifukwa chake akuchidziwa. Tsiku lina anapita ku nyumba yakale ya atsamunda imene denga lake linkalira, analemba nkhani yokoma kwambiri, kenako anafunsa mwini nyumbayo. Mwini nyumba anati ndi mileme. Ulendo wina anapita ku dambo kumene kunkaoneka moto woyenda wokha, mtima uli dyokodyoko, nafunsa mayi wina wodutsa. Mayiyo anati ndi amuna ake, amakagwira ngumbi ndi nyali. Paliponse pamene wafunsa, mzukwa unkasanduka mphaka, mphepo kapena munthu woledzera.

Ndiye Fanuwelo anadziikira lamulo, nalilemba pamwamba penipeni pa tsamba lake: wofufuza weniweni safunsa munthu wamoyo.

"Funso limapha mzukwa," anatero pouza bwenzi lake Esinta, mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo yoyandikana ndi yake. "Anthu amaononga umboni. Iwe waona chinthu ndi maso ako, iwo akubwera ndi mileme yawo."

"Nanga ikakhala milemedi?" anafunsa Esinta, ulusi uli kukamwa.

"Waona? Wayambanso iwe."

Esinta anangoseka. Ankamukonda Fanuwelo ndi mtima wonse, pamodzi ndi misala yake yomwe, pakuti mnyamatayo sankamwa, sankanama, ndipo akamakamba za mizukwa maso ake ankawala ngati a mwana amene wagulidwira nsapato.

M'mwezi wa Juni inakwana nthawi yoti Fanuwelo akaonekere kwa makolo a Esinta, m'mudzi wina kuseri kwa phiri. Bambo ake a Esinta anamwalira kale, choncho mawu onse anali m'manja mwa mayi ake, a Nangondo, ndi mlongo wawo wa mayiwo, a Kadzakumanja. Madzulo a tsiku loti mawa ulendo, Esinta anamukhazika pansi Fanuwelo, nkhope yopanda nthabwala.

"A Fanuwelo, mundimvetse. Amalume anga anabwezapo kale anyamata, ena a galimoto. Akakana iwo, ine sindikwatiwa mokakamira, ndikuuziranitu. Mawa ndinu mkamwini, si inu wofufuza. Kawailesi kanu kaja katsale."

Fanuwelo analonjeza, dzanja lili pachifuwa. M'mawa anakaika kawailesiko patebulo, natseka chitseko, nafika mpaka pamsewu. Kenako anabwerera, nakakatenga, nakaika m'thumba la jekete. Mumtima ankati sakagwiritsa ntchito, akungofuna kuti kasasungulumwe.

Anafika kumudziko dzuwa litapendeka, ali ndi amalume ake, a Chikakuda, munthu wofatsa wovala suti yobwereka. Monga mwa mwambo, akuluakulu analowa m'nyumba kukayamba nkhani, Esinta anapita kukhitchini kwa amayi anzake, ndipo Fanuwelo anapatsidwa kampando pafupi ndi nkhokwe kuti adikire mpaka ataitanidwa. Anakhala bwinobwino, manja pamaondo, ngati mwana wa Sande sukulu. Kunja kunali kuzizira kwa ku Dedza kuja, ndipo nkhungu inayamba kutsika phiri pang'onopang'ono.

Kuseri kwa nyumba kunali kanjira kopita ku kankhalango. Fanuwelo anaponya maso kumeneko. M'nkhungu muja munatuluka chinthu choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mutu wake unali waukulu, wozungulira, ndipo pamalo pa nkhope panali mdima wokhawokha. Utsi unkafuka m'mbali mwake. Pozungulira chinthucho pankamveka kulira kwapansipansi, ngati anthu ambiri akung'ung'udza nyimbo ya maliro.

Mantha anamugwira, koma chimwemwe chinaposa manthawo. Zaka zonse zosekedwa, nsapato zonse zimene anathera m'madambo, lero zalipidwa, masana dzuwa likanalipo. Panthawi yomweyo mayi wina anadutsa pafupi atasenza ndowa ya madzi, osaonetsa kudabwa kulikonse. Funso linakwera mpaka pamilomo ya Fanuwelo. Analimeza, natulutsa foni, nayamba kujambula ndi kuulutsa pompopompo kwa owerenga ake.

"Abale anga," ananong'ona akuyenda chonyang'ama, "lero ndiye lero. Musaphethire."

Tsono ndikuuzeni zimene Fanuwelo akanadziwa akanangotsegula pakamwa. Chinthu choyera chija anali a Nangondo, mayi ake a Esinta. Mayiwa ankaweta njuchi, ndipo tsiku limenelo anapita kukafula uchi woti alandirire alendo. Anavala chovala cha alimi a njuchi, chija choyera chokhala ndi chipewa cha ukonde wakuda kumaso. Dzanja lina ananyamula chitini chofukizira utsi, m'khwapa muli beseni, ndipo njuchi zingapo zinkawatsatira. Iwo Fanuwelo ankamudziwa, chifukwa Esinta anawaonetsapo chithunzi chake. Ndipo inu ana a masiku ano mwina simudziwa kuti kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sayankhulana, ndipo akakumana panjira amapatukirana.

Choncho a Nangondo ataona mkamwini wawo akubwera m'kanjira komweko, anachita zimene mayi aliyense wolemekezeka akanachita. Anapatuka, nagwada muudzu, namufulatira kuti adutse.

"Mwaona?" ananong'ona Fanuwelo. "Ukubisa nkhope. Mizukwa yonse imatero, ndinalembapo kale."

M'malo modutsa, anapatukira komweko. A Nangondo anadzuka mofulumira, nawoloka njira, nakagwada mbali inayo. Fanuwelo anawoloka nawo. Anatulutsa kawailesi kake, nakayatsa, kakuyamba shiii wake uja, ndipo iye anayankhula ndi mawu akuluakulu amene ankasungira tsiku ngati limeneli.

"Mzimu wa makolo, ine ndabwera ndi mtendere. Ngati mukundimva, perekani chizindikiro."

A Nangondo anasowa chochita. Kuyankhula sakanatha, pakuti mwambo sulola. Anangotsokomola pang'ono mwaulemu, kuti mwina mwanayu azindikira kuti muli munthu m'chovalamo.

"Watsokomola," anatero Fanuwelo, misozi yachimwemwe ikulengeza. "Abale anga, mzimu uwu unamwalira ndi chifuwa."

A Nangondo anaomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu popempha njira. Fanuwelo anauza owerenga ake kuti mzimu ukuitana anzake. Anasendera pafupi kuti ajambule mdima wa kumaso kuja. Apa mayi aja anaona kuti ulemu wokha suwapulumutsa. Anatula beseni patsinde pa mtengo wa msolo kuti apepukidwe, nakwinya chovala chawo, naliyatsa liwiro kudutsa m'munda wa mapesi, majombo akulira phwa phwa phwa. Mayi wa zaka zawozo anathamanga ngati mtsikana wa netibolo, mpaka anazimirira m'nkhungu.

"Sunagunde pansi," anatero Fanuwelo ali wefuwefu. "Amene mwaona mapazi, ndi maso anu."

Anabwerera pamtengo paja. Ndipo poti unali msolo, mtengo umene makolo ankathirapo nsembe, nkhani yonse inagwirizana m'mutu mwake. M'beseni muja munali mibulu yachikasu, yaikulu ngati chibakera cha mwana, yonunkhira bwino. Linali phula limene a Nangondo anaumba atafinya uchi m'zisa, loti akagulitse kwa opanga makandulo. Fanuwelo anali mwana wa m'tauni, uchi ankaudziwira m'botolo. Ananyamula mbulu umodzi ndi manja awiri, nauonetsa pafoni.

"Ichi ndi chakudya cha mizimu. Palibe wofufuza m'dziko muno amene anachigwirapo."

Ndemanga zinayamba kugwa ngati matalala. Ena ankati athawe, ena ankati apemphere. Koma panali wowerenga wina watsopano, wodzitcha Mlimi Wachete, amene analemba kuti: "Wofufuza weniweni amalawa. Kapena mukuopa?"

Fanuwelo sankafuna kutchedwa wamantha pa tsamba lake lomwe. Anabenthula kachidutswa ndi dzino. Mlimi Wachete analembanso: "Kameneko sitikukaona. Lumani chachikulu, tione masaya." Ndipo Fanuwelo analuma theka la mbulu.

Poyamba munali kutsekemera, mpaka anatsinzina nagwedeza mutu. Kenako kutsekemera kunatha, koma chinthucho sichinathe. Anatafuna, chikufewa. Anatafunanso, chikumatirira kumano ndi kunkhama. Ali mkati molimbana nacho, anamva mawu a Esinta kumbuyo kwake, pafupi kwambiri.

"A Fanuwelo, mukutani kuno? Akukuitanani m'nyumba."

Mnyamata uja anazimitsa foni, naponya kawailesi m'thumba. Theka lina la mbulu linali likadali m'dzanja, ndipo pofuna kubisa umboni, analikankhira m'kamwa momwemo. Anatembenuka masaya ali tutumu.

"Mwatani kodi? Mantha?" anafunsa Esinta.

Fanuwelo anagwedeza mutu kuvomera.

"Musaope. Muzingoyankha zimene akufunsani, basi."

Ankaganiza zolavula panjira, koma Esinta anali pambali pake, ndipo pakhonde lililonse panali amayi amene anatuluka kudzaona mkamwini watsopano. Munthu sungalavule pabwalo la apongozi anthu akuona. Anayenda choncho mpaka kulowa m'nyumba, nakhala pamphasa.

A Kadzakumanja anali bambo wamfupi, wa maso ang'onoang'ono osekerera, ndipo foni yawo anaivundikira pabondo. A Chikakuda anali atazyolika, akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Esinta anagwada pafupi ndi khomo. Kuchipinda, kuseri kwa katani, kunkamveka munthu akupuma mwamphamvu.

"Takulandirani, bambo," anatero a Kadzakumanja. "Mwayenda bwanji?"

Fanuwelo anaomba m'manja mwaulemu. "Mmm."

"Kunja kuja simunasungulumwe?"

"Mm-mm."

"Mwana waulemu uyu, a Chikakuda. Ena aja ankalongolola ngati wailesi. Kodi bambo, njala siinakupwetekeni? Kapena mwalawako kale kenakake?"

A Chikakuda anabuula chapansipansi. Fanuwelo anapukusa mutu, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira. Phula lija linali litafunda m'kamwa, litagwira mano akumwamba ndi akumunsi ngati ulimbo.

Kenako a Kadzakumanja anasiya kumwetulira. "Chabwino. Zinazi mwayankha ndi mutu, ndipo talola. Koma pali funso limodzi limene silifuna mutu, limafuna pakamwa. Mwana wathu Esinta mukumufunadi? Munene tonse timve. Mukakhala chete tidziwa kuti mwasintha maganizo, ndipo minibasi yobwerera ku boma siinadutse."

Fanuwelo anayesa kutsegula pakamwa, pakutuluka kamawu ngati ka mwana wa mbuzi. Anayang'ana khomo, nayang'ana mphasa yatsopano imene anayalira alendo. Kulavula pamenepo kukanakhala kutukwana banja lonse. Anayang'ana Esinta. Mtsikanayo sankadziwa chilichonse cha phula. Ankangoona mwamuna amene anamulonjeza ukwati akulephera kunena mawu amodzi pamaso pa abale ake, ndipo misozi inayamba kutsika m'masaya mwake.

Apa Fanuwelo anamva chisoni chimene sanamvepo chibadwire. Anaona kuti mtsikanayu akumutaya, ndipo mizukwa yonse ya m'dziko siingamubwezere. Anatsinzina, nagwira maondo, nasonkhanitsa mbulu wonse ndi lilime, naumeza. Aliyense anauona ukutsika pakhosi pang'onopang'ono ngati dzira m'mimba mwa njoka. Maso anatong'oka, mitsempha inaima. Utafika kumene unkapita, anapuma, nayankhula ndi mawu osasa.

"Ndikumufuna. Ndikumufuna kwambiri."

A Kadzakumanja anadziletsa pang'ono, kenako anaphulika ndi phwete mpaka kutsamira khoma. Atapukuta misozi anavundukula foni yawo ija, naidina. M'nyumba monse munamveka mawu a Fanuwelo akunong'ona kuti, "Abale anga, mzimu uwu unamwalira ndi chifuwa."

Nthawi yomweyo kuseri kwa katani munthu anatsokomola pang'ono, mwaulemu. Fanuwelo anachidziwa chifuwacho.

"Achimwene," anatero mawu a mayi kuseri kwa katani, polankhula ndi mlongo wawo monga mwa mwambo, "muwauze alendowo kuti ine sindinamwalire. Chifuwachi n'cha utsi wa njuchi."

"Mwamva, bambo? Akuti sanamwalire."

"Muwafunsenso ngati mibulu yanga ya phula yatsalako."

"Yatsala, mlongo wanga. Adya umodzi wokha, ndinkawerenga." A Kadzakumanja anatembenukira kwa Fanuwelo. "Ife tisanapereke mwana timayamba tafunsa. Tinafunsa za inu ku boma, anthu natiuza za tsamba lanu, ndipo ndakhala ndikuwerenga. Mumalemba bwino, za mileme zija ndinaseka nazo. Lero foni italira tili pakati pa nkhani, ine ndi amalume anuwa tinaonera limodzi mlongo wanga akuthawa m'munda mwake momwe. Mlimi Wachete ndine. Ndimafuna ndione ngati pali pamene mungaime n'kufunsa."

A Chikakuda anavula chipewa, nayamba kupepesa m'dzina la banja lonse la a Kaphamtengo, amoyo ndi akufa. Fanuwelo anagwa chafufumimba, chipumi chili pamphasa, akulakalaka nthaka itang'ambika.

Kenako kuseri kwa katani kunamveka kaphokoso kachilendo, ndipo anthu anazindikira kuti a Nangondo akuseka, atatseka pakamwa ndi chitenje.

"Achimwene," anatero atapezako mpweya, "muwauze kuti miyendo yanga ikupweteka, ndipo chithunzi chimenecho achichotse lero lomwe. Koma muwauzenso kuti munthu womeza mbulu wonse uja chifukwa cha mwana wanga, ameneyo sadzathawa mavuto a m'banja. Ine ndalola. Kwatsala mwini wake."

Onse anayang'ana pakhomo, koma Esinta panalibe. Anali atatuluka.

Fanuwelo anamupeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pa kampando kaja, atafulatira. Sankalira tsopano. Anali atakwiya, ndipo mkwiyo wa munthu wofatsa umaopsa kuposa mzukwa.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero osatembenuka. "Amayi anga mwawathamangitsa m'munda pamaso pa dziko lonse. Ine ndinali pakhitchini pompa. Mukanangobwera n'kunena kuti, Esinta, choyera icho n'chiyani?"

Fanuwelo anaima pamenepo, mimba ikulemera ngati wameza mwala. Anafuna kufotokoza za umboni, za nkhungu, za msolo, koma anaona kuti zonsezo n'zopanda mchere. Anagwada pafumbi ndi buluku lake latsopano.

"Esinta," anatero, "ine sindikudziwa zimene zili mumtima mwako, ndipo sindikufuna kuganizira ndekha. Kodi ukundifunabe?"

Esinta anamusiya agwade mpaka maondo atamva kuwawa. Kenako anatembenuka, namuyang'ana, naona kachidutswa kachikasu katakanirira padzino lakutsogolo. Anayesetsa kusunga mkwiyo wake, koma unamupulumuka, ndipo anaseka mpaka kugwira nkhokwe.

"Ndikukufunani," anatero. "Koma kuyambira lero, chilichonse musanachiike m'kamwa kapena pa intaneti, muziyamba mwandionetsa."

Ukwati unachitika chaka chomwecho mvula isanagwe. Chithunzi chija anachichotsa, koma mochedwa, chifukwa mudzi wonse unali utachitumizirana kale, ndipo a Nangondo anagulitsa uchi wambiri chaka chimenecho kwa anthu obwera kudzaona mzukwa wothamanga. Za mmene mbulu uja unatulukira sindinena pano, pali ana aang'ono, koma Fanuwelo anayenda chowerama kwa masiku angapo. Dzina lake lenileni kumudziko linaiwalika. Akamatsika minibasi, amayi pachitsime ankangokodolana kuti, "Abwera a Safunsa."

Ndiye inu mukadzapita kwa eni ake, mukaona chinthu chachilendo, musathamangire kuchijambula kapena kuchiluma. Pakamwa mpanu, ndipo funso salipira. Mukapanda kutero mudzamva anthu akunong'onezana kumbuyo kwanu mawu amene anayambira pa mkamwini wa a Nangondo, akuti: safunsa anadya phula.